Telegram Desktop pa Linux Mint: kayikidwe kake ndi mmene ikugwirira ntchito kuno ku Lusaka

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chake chanthawi zonse cha Windows 10, eni malaputopu akale kuno ku Lusaka ali pamphambano, chifukwa makina ambiri amene amagulitsidwa atagwirapo kale ntchito m'mashopu a mu Katondo Street ndi ku Kamwala sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna, makamaka kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano. Ena a ife tinaona kuti n'kupanda nzeru kutaya makina amene akuyendabe bwino, choncho tinayikamo Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene imalowa m'malo mwa Windows. Ine ndinasankha Linux Mint 22, imene inatuluka mu Julayi 2024, inamangidwa pa maziko a mtundu wina wa Linux wotchedwa Ubuntu 24.04, ndipo idzapitiriza kulandira zokonza zachitetezo mpaka mu 2029. Munthu akangomaliza kuyika Linux, chinthu choyamba chimene amafunsa sichikhudza pulinta kapena mapulogalamu olembera makalata, koma mauthenga ake: akufuna kudziwa ngati magulu ake onse a pa foni angathe kuwatsegula pa kompyutayo popanda chovuta.

Ntchito yanga ndi yotayipa ndi kusindikiza zikalata za anthu ku Chilenje, ndipo madzulo ndimakonzera manotsi ana a Giredi 12 amene amabwera kudzaphunzira maphunziro owonjezera. Mafayilo ambiri amene ndimalandira ndi kutumiza amadutsa pa Telegram, ndiye chifukwa chake ndikuunika pulogalamu ya Telegram Desktop, kuyambira pa kayikidwe kake mpaka pa zofooka zake. Maganizo anga ndi akuti pulogalamuyi ndi yabwino kwambiri pa Linux, koma njira imene mwasankha poyiyika ndiyo imene idzaonetse ngati bandulo yanu idzafika kumapeto kwa sabata kapena ayi.

Choyamba ndi kudziwa amene anapanga chinthu chimene mukufuna kuyika, popeza pa Linux mapulogalamu ambiri ochezera sapangidwa ndi eni ake a malo ochezerawo, koma ndi anthu odzipereka amene alibe mphamvu iliyonse pa zimene kampani ingasankhe mawa. Amene anakhalitsa pa Linux akukumbukira Corebird, pulogalamu yokongola yowerengera Twitter, imene mwini wake anasiya kuikonza mu 2018 kampani ya Twitter itasintha njira imene mapulogalamu akunja ankalandirira mauthenga. Anthu ena anatenga ntchitoyo n'kuipitiriza pansi pa dzina la Cawbird, koma nayonso inafa mu 2023 pamene Twitter inatsekera kunja mapulogalamu onse opangidwa ndi anthu ena. Telegram Desktop ili m'gulu lina. Imapangidwa ndi Telegram eni ake, kampani imene abale awiri, Pavel ndi Nikolai Durov, anayambitsa mu 2013, ndipo malamulo onse a mkati mwa pulogalamuyi ali poyera pansi pa chilolezo cha GPLv3, kotero kuti aliyense wodziwa akhoza kuwawerenga ndi kuwaunika. Inalembedwa pogwiritsa ntchito zida zopangira mapulogalamu zotchedwa C++ ndi Qt, kutanthauza kuti si tsamba la pa intaneti lovekedwa chovala cha pulogalamu monga zilili ndi zambiri za masiku ano, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera msanga pa laputopu imene ili ndi RAM ya 4 GB yokha.

Pali njira zingapo zoyikira pulogalamuyi, ndipo yoonekera msanga kwa munthu watsopano ndi ya Software Manager, sitolo ya mapulogalamu imene imabwera ndi Linux Mint. Mukalemba dzina la Telegram pamalo ofufuzira, mupeza mtundu wa Flatpak wochokera ku Flathub, nkhokwe ya mapulogalamu ya pa intaneti, umene mungayikenso polemba `flatpak install flathub org.telegram.desktop` mu Terminal, zenera lolembamo malamulo opita kwa kompyuta. Njira imeneyi ndi yodalirika ndipo ili ndi ubwino weniweni, chifukwa Flatpak imatsekera pulogalamu m'chipinda chakechake, osailola kuyendayenda m'mafoda onse a mu kompyuta. Vuto lake lili pa kukula kwa zimene imakopa. Pulogalamu ya Flatpak simabwera yokha, koma imafuna maziko otchedwa runtime pamodzi ndi madalaivala a zithunzi, ndipo ngati kompyutayo sinayikidwepo Flatpak ina iliyonse, zonsezi pamodzi zimafika mamegabaiti mazana angapo. Zili ngati munthu wofuna kapu imodzi ya tiyi amene wauzidwa kuti ayambe wagula mbaula, thumba la makala ndi ketulo: zinthuzo adzazigwiritsanso ntchito mawa ndi mkucha, koma ndalama yonse yatuluka lero. Kwa wophunzira amene amapeza Wi-Fi ku UNZA, kapena wogwira ntchito mu ofesi yokhala ndi faiba kapena Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023, zimenezi si nkhani. Kwa munthu amene amalumikiza laputopu ku foni yake ndi kugula bandulo ya tsiku limodzi ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndi nkhani yaikulu, ndipo iyenera kudziwika asanadine batani loyikira. Ubwino wa Terminal pamenepa ndi wakuti imakuonetsani mndandanda wa zonse zimene ikufuna kukopa ndi kukula kwa chilichonse, kenako imadikira kuti muvomere, ndipo mukhoza kukana musanataye kalikonse.

Njira ina yoyikira mapulogalamu yotchedwa Snap, imene anthu a Ubuntu anazolowera, ilinso ndi Telegram, koma Linux Mint inaitseka kuyambira pa mtundu wa 20 mu 2020, ndipo sindikuona chifukwa choti munthu avutike kuitsegula chifukwa cha pulogalamu imodzi. Mitundu ina ya Linux imasunga Telegram m'nkhokwe zawo za mapulogalamu, koma pa mitundu imene imasintha pang'onopang'ono pulogalamu ya m'nkhokweyo imatsalira m'mbuyo, mpaka mauthenga ena atsopano amayamba kuoneka ngati chidziwitso chakuti mtundu wanu sungathe kuwatsegula.

Njira imene ndikuvomereza ndi ya fayilo yochokera kwa Telegram mwachindunji. Pa desktop.telegram.org pali batani la Linux limene limakupatsani fayilo yopanikizidwa imene dzina lake limayamba ndi tsetup ndi kutha ndi .tar.xz, ndipo kukula kwake sikufika mamegabaiti 100. Imagwira pa makina a 64-bit okha, koma pafupifupi malaputopu onse a ThinkPad, Latitude ndi EliteBook amene ali pamsika wathu ndi a mtundu umenewo. Mukaikopa, idineni ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Extract Here, kapena lembani `tar -xf tsetup*.tar.xz` muli mu foda imene fayiloyo yagwera. Mudzapeza foda yotchedwa Telegram yokhala ndi mafayilo awiri okha, ina yotchedwa Telegram ndi ina yotchedwa Updater. Musanatsegule chilichonse, sunthirani foda yonseyo pamalo pamene idzakhalitse mkati mwa foda yanu ya Home, chifukwa mukangoitsegula koyamba pulogalamuyi imadzilembetsa yokha pa menyu, ndipo imakumbukira malo amene munaitsegulira. Anthu ambiri amaisiya mu Downloads, ndiye tsiku lina poyeretsa foda imeneyo amaifuta osadziwa, n'kumadabwa kuti chizindikiro cha pa menyu chasiya kuyankha. Sipafunika sudo, lamulo lopereka mphamvu za woyang'anira kompyuta, sipafunika mawu achinsinsi a mwini kompyuta, ndipo palibe china chimene chimakopedwa mobisika.

Chimene chimandikopa kwambiri pa njira imeneyi ndi chakuti fayiloyo ikhoza kuyenda pa fulashi. Munthu mmodzi akaikopa, anzake onse a m'kalasi, a mu ofesi kapena a m'shopu yokonza makompyuta akhoza kuyika Telegram popanda kuwononga megabaiti ngakhale imodzi, ndipo ndi mmene ana angapo amene ndimawaphunzitsa anaipezera. Apa ndiyenera kuchenjeza kuti fulashiyo ichokere kwa munthu amene mumamudziwa ndipo iyeyo akhale atatenga fayiloyo ku adiresi imene ndatchulayo, osati kwina, popeza pulogalamu yochezera imene wina waisintha mwachinyengo imatha kuba akaunti yonse. Foda ya Telegram ikakhala mu Home, fayilo ya Updater imatha kuikonza yokha mtundu watsopano ukatuluka, ndipo mitundu yatsopano imatuluka kawirikawiri. Amene akusunga bandulo akhoza kulowa mu Settings, kenako Advanced, n'kuzimitsa kukonza kodzichitikira, kuti azikonza pokhapokha ali pa Wi-Fi. Musaizimitse n'kuiwaliratu, chifukwa zokonza zina zimakhala zotseka mabowo achitetezo.

Kulowa mu akaunti n'kosavuta. Pulogalamu ikatseguka imaonetsa chizindikiro cha QR, ndipo inu mumatsegula Telegram ya pa foni, kulowa mu Settings, kenako Devices, n'kusankha Link Desktop Device, ndi kulozetsa kamera pa sikirini. Amene kamera ya foni yawo ili ndi vuto akhoza kulemba nambala yawo kuyambira ndi +260, ndipo nambala yachinsinsi yolowera imatumizidwa ku Telegram ya pa foni. Macheza onse wamba akale amaonekera nthawi yomweyo, kuphatikizapo a zaka zapitazo, chifukwa Telegram imasunga mauthenga pa maseva ake osati pa foni yanu.

Mphindi zisanu zoyambirira mutalowa ndizo zofunika koposa, ndipo ndikupempha aliyense kuti asatsegule gulu lililonse asanakonze zimene ndikunenazi. Monga imabwerera, pulogalamuyi imakopa yokha zithunzi ndi kuyamba kuseweretsa mavidiyo ndi zithunzi zoyenda mukangofika pamene zili, ndipo magulu a Telegram amatha kukhala ndi anthu mpaka 200,000, kotero kuti gulu limodzi la nkhani za mpira kapena la malonda likhoza kumaliza bandulo musanawerenge uthenga umene munalowera. Mu Settings, pansi pa Advanced, pali gawo la Automatic media download limene lagawidwa patatu, la macheza a anthu awiri, la magulu, ndi la matchanelo. M'gawo lililonse zimitsani mavidiyo ndi zithunzi zoyenda, ndipo tsitsani malire a kukula kwa fayilo imene ingakopedwe yokha. Ine ndinasiya zithunzi zokha m'macheza a anthu awiri, chifukwa makasitomala amanditumizira zikalata zolembedwa pamanja zojambulidwa ndi foni. Pa tsamba lomwelo pali malo osankhira foda imene mafayilo azigwera, komanso Manage local storage, kumene mumaika malire a malo amene pulogalamuyi ingadye pa disiki, chinthu chofunika kwa amene ali ndi SSD ya 128 GB.

Zimenezi zikakonzedwa, pulogalamuyi imagwira ntchito mokhutiritsa. Imatseguka msanga, kufufuza mawu m'macheza akale kumayankha mwachangu, ndipo mukaiyerekeza mu System Monitor, kapulogalamu koonetsa mmene kompyuta ikulemedwera ndi ntchito, ndi Telegram yotsegulidwa mu Firefox kapena Chrome, mudzaona kuti laputopu ikupuma bwino ndipo fani yake sikulira. Pa Cinnamon, amene ndi maonekedwe odziwika a Linux Mint, kachizindikiro kake kamakhala pakona pafupi ndi wotchi ndipo kamaonetsa kuti pali mauthenga osawerengedwa, ngakhale mutatseka zenera lake. Pa ntchito yanga chofunika kwambiri ndi mafayilo. Telegram imalola fayilo imodzi kufika 2 GB kwaulere ndi 4 GB kwa olipira Premium, ndipo mukakoka chithunzi kuchokera mu foda n'kuchiponya pa macheza, imakufunsani ngati mukufuna kuchitumiza chopanikizidwa kapena monga fayilo yathunthu. Setifiketi kapena chitupa chimene chapanikizidwa chimatuluka chosaoneka bwino pa pepala, choncho ndimauza makasitomala onse kuti azitumiza monga fayilo, ndipo chidindo ndi siginecha zimatuluka zooneka. Gawo la Saved Messages, kumene munthu amadzitumizira yekha, lalowa m'malo mwa chingwe cholumikizira foni ndi kompyuta. Palinso mwayi wokonzeratu nthawi imene uthenga udzapite, podina batani lotumizira ndi batani lakumanja la mausi, ndipo uthengawo umapita pa nthawi yake ngakhale laputopu itazima, popeza umadikirira pa seva.

Mfundo yomalizayi si yaing'ono kwa ife. Chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatsitsa madzi a ku Kariba mpaka magetsi ankazima kwa maola ochuluka kuposa amene ankayaka, ndipo tonse tinaphunzira kuwerengera batire. Pulogalamu imene sitopetsa purosesa imawonjezera nthawi imene laputopu yakale ingagwire ntchito magetsi atapita. Telegram Desktop sidalira kuti foni ikhale yoyaka, malinga ngati laputopu ikupeza intaneti kwina, monga pa MiFi, ndipo netiweki ikaduka pakati pokopa fayilo, simufunika kutsegula pulogalamu mwatsopano, chifukwa imalumikizanso yokha netiweki ikabwerera. Kuyimba foni ya mawu ndi ya vidiyo kumatheka, komanso kuonetsa sikirini yanu kwa amene mukulankhula nawo, zimene zinandithandiza kufotokozera ana masamu pa masiku amene sakanatha kubwera.

Tsopano zofooka zake, ndipo yaikulu ndi ya chinsinsi. Anthu ambiri kuno amakhulupirira kuti Telegram ndi yobisa kuposa WhatsApp, koma pa mauthenga wamba zoona zake n'zosiyana. Macheza anthawi zonse a Telegram ndi magulu ake onse amabisidwa pa ulendo wochoka pa chipangizo chanu kupita ku seva, koma kampaniyo ili ndi makiyi a zimene zasungidwa pa maseva ake, pamene WhatsApp imabisa mauthenga kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira. Telegram ili ndi macheza obisika kotheratu otchedwa Secret Chats, koma amenewa mulibe mu Telegram Desktop ya pa Linux ndi Windows: simungawayambitse pa laputopu, ndipo amene munayambitsa pa foni saonekera pa kompyuta. Kuonjezera apo, ngakhale malamulo a mkati mwa pulogalamu ali poyera, a maseva ndi otsekedwa. Mu Sepitembala 2024, patapita mwezi umodzi Pavel Durov atamangidwa ku France, kampaniyi inasintha ndondomeko yake n'kunena kuti ikhoza kupereka nambala ya foni ndi adiresi ya IP ya munthu, nambala imene imazindikiritsa chipangizo chake pa intaneti, kwa akuluakulu a boma pakakhala pempho lovomerezeka mwalamulo. Sindikunena kuti zimenezi zikuletseni kuigwiritsa ntchito, popeza manotsi a sukulu ndi mitengo ya katundu si zinsinsi, koma loya, namwino, mtolankhani kapena msungichuma wa chilimba ayenera kudziwa kuti chimene walemba pa Telegram Desktop chili m'manja mwa kampani ina. Amene timasunga zikalata za anthu ena, monga zitupa ndi masetifiketi, tilinso ndi udindo pansi pa Data Protection Act ya 2021, ndipo ine ndimafuta zikalata za kasitomala mbali zonse ziwiri ntchito ikangotha.

Choopsa china chili pafupi kuposa maseva akutali, ndipo chili mu laputopu momwemo. Mukayika pogwiritsa ntchito fayilo ya tsetup, zonse zotsimikizira kuti ndinu mwini akaunti zimasungidwa mu foda yotchedwa tdata, mkati mwa `~/.local/share/TelegramDesktop`, ndipo ya Flatpak imasunga zake pansi pa `~/.var/app/org.telegram.desktop`. Munthu amene wakopera foda ya tdata pa fulashi yake akhoza kutsegula akaunti yanu pa kompyuta ina popanda kufunsidwa nambala yachinsinsi. Kuno laputopu imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, imabwerekedwa kwa mnzako wa pa hositelo, ndipo ikawonongeka imagona kwa wokonza kwa masiku, choncho chiopsezochi ndi chenicheni. Mankhwala ake ali mu Settings pansi pa Privacy and Security, pamene pali Local passcode. Mukaika mawu achinsinsi amenewa, zimene zili mu tdata zimabisidwa, pulogalamu imadzitseka yokha ikakhala osagwiritsidwa ntchito kwa nthawi imene mwasankha, ndipo mukhoza kuitseka nokha podina Ctrl ndi L pamene mukudzuka pampando. Ndikuona kuti Telegram ikanachita bwino kufunsa munthu aliyense kuti aike mawu amenewa pa tsiku loyamba, m'malo mowabisa mkati mwa Settings kumene ambiri safika. Pa tsamba lomwelo yatsani Two-Step Verification, mawu achinsinsi owonjezera amene amafunsidwa polowa mu akaunti pa chipangizo chatsopano, chifukwa nambala ya foni ikhoza kutayika, kubedwa kapena kuperekedwa kwa munthu wina ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo mbava zimene zimanamiza anthu kuti awatumizire nambala yolowera zilipo zambiri. Bisaninso nambala yanu kwa anthu osawadziwa musanalowe m'magulu akuluakulu.

Pali gawo limodzi limene ambiri sadzaligwiritsa ntchito, koma ndi bwino kudziwa kuti lilipo. Amene tinali kuno pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, tikukumbukira kuti WhatsApp, Facebook ndi malo ena ochezera anatsekedwa, mpaka Khoti Lalikulu linalamula kuti atsegulidwe bungwe la Chapter One Foundation litakasuma. Telegram Desktop ili ndi malo oikira proxy, seva yapakati imene mauthenga amadutsirapo, ya mtundu wa SOCKS5 kapena MTProto pansi pa Advanced, pa Connection type, ndipo imeneyi imathandiza pamene njira yachindunji yopita ku maseva yatsekeka. Mwini proxy ya MTProto sawerenga mauthenga anu, koma amaona adiresi yanu ya IP, choncho si yoyenera kungotola paliponse.

Chofooka chimene sichili cha pulogalamuyi koma chimakhudza phindu lake ndi chakuti abale athu ambiri sali pa Telegram. Gulu la mpingo, la maliro, la makolo a kusukulu ndi la achibale a ku Chipata, Katete ndi Lundazi onse ali pa WhatsApp, ndipo kampani ya Meta, mwini wake wa WhatsApp, sinatulutsepo pulogalamu ya WhatsApp ya pa Linux. Chimene chilipo ndi WhatsApp Web, imene inayamba mu 2015, ndipo masiku ano imalola zipangizo zinayi kulumikizidwa ku akaunti imodzi popanda foni kukhala pa intaneti, kupatula kuti foniyo ikakhala masiku 14 osagwiritsidwa ntchito zipangizo zonse zimatulutsidwa. Pa Flathub pali mapulogalamu monga ZapZap amene amatenga WhatsApp Web yomweyo n'kuiika m'zenera lakelake lokhala ndi kachizindikiro pafupi ndi wotchi. ZapZap inapangidwa mwaluso ndipo imalola maakaunti angapo, koma mkati mwake muli injini yonse ya Chromium imene ili maziko a Chrome, imafuna runtime yakeyake, ndipo singachite chimene WhatsApp Web singachite. Pa laputopu ya RAM yochepa ndikuona kuti ndi bwino kungotsegula WhatsApp Web mu Firefox imene ilipo kale, kapena kugwiritsa ntchito Web Apps, kapulogalamu kamene kamabwera ndi Linux Mint kosandutsa tsamba lililonse kukhala ndi zenera ndi chizindikiro chake pa menyu popanda kukopa kanthu. Njira yomweyo imagwiranso pa Facebook.

Okonda Mastodon, malo ochezera amene Eugen Rochko anayambitsa ku Germany mu 2016, ali ndi mwayi woposa tonsefe, chifukwa kumeneko palibe kampani imodzi imene ingatseke chitseko monga zinachitikira Cawbird. Tuba ndi Tokodon ndi mapulogalamu abwino a pa Linux owerengera Mastodon, woyambayo wogwirizana ndi maonekedwe a Linux otchedwa GNOME ndipo winayo ndi otchedwa KDE, koma a Lusaka amene mungawapeze kumeneko ndi ochepa, ndipo pa Flatpak iliyonse imakoka runtime yake.

Pa nkhani ya chilankhulo, mamenyu a Telegram Desktop ali m'Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja, ndipo Chichewa sichili pa mndandanda wa zimene pulogalamuyi imabwera nazo. Kulemba mauthenga m'chilankhulo chathu kulibe vuto, koma chowunikira kalembedwe chimadula mzere wofiira pansi pa mawu athu pafupifupi onse, zimene zimatopetsa maso ndi kusokoneza ana amene akuphunzira kutayipa, choncho chizimitseni pansi pa Advanced, pa Spell checker. Telegram ili ndi malo omasulira pa translations.telegram.org pamene anthu wamba akhoza kupanga mamenyu a chilankhulo chawo n'kugawana ndi anzawo, ndipo ndikukhulupirira kuti imeneyi ndi ntchito imene ophunzira a zilankhulo ndi a makompyuta a kuno ndi a ku Malawi angaigwire limodzi, popeza makolo ambiri amene amalephera kupeza Local passcode ndi Two-Step Verification amalephera chifukwa cha Chingerezi cha m'mamenyuwo.

Pulogalamu ya pa kompyuta ilinso ndi chinthu chimene ya pa foni ilibe m'njira yofanana, ndicho kutulutsa macheza onse n'kuwasunga pa disiki. Pansi pa Advanced pali Export Telegram data, imene imalemba mauthenga, zithunzi ndi mafayilo m'mtundu wa HTML kapena JSON, ndipo mukhoza kuchitanso zimenezi pa gulu limodzi lokha. Kwa mlembi wa kopaletivu kapena wa chilimba amene amafuna umboni wa zimene anthu anagwirizana ndi tsiku limene analipira, izi ndi zamtengo wapatali, koma sankhani mosamala mitundu ya mafayilo ndi malire a kukula kwake musanayambe, chifukwa zonse zimene mwasankha zimakopedwa kuchokera pa seva ndipo zimadya bandulo. Dziwaninso kuti pa chipangizo chimene changolumikizidwa kumene, Telegram ikhoza kukudikiritsani kwa maola isanalole kutulutsako, ndipo imachita zimenezi pofuna kuteteza mwini akaunti kwa wakuba.

Kuichotsa kumafuna chisamaliro chofanana ndi kuiyika, makamaka kwa amene akufuna kugulitsa laputopu kapena kuipereka kwa mng'ono wawo. Kufuta foda ya Telegram yokha sikokwanira, chifukwa tdata imatsala pamalo pake ndi akaunti yanu yonse. Yambani mwatuluka mu akaunti muli mkati mwa pulogalamu, kenako futani foda ya Telegram ndi ya `~/.local/share/TelegramDesktop`, imene imaonekera mukadina Ctrl ndi H mu foda ya Home, komanso foda ya Telegram Desktop ya mu Downloads kumene mafayilo olandiridwa amagwera. Amene anayika ya Flatpak alembe `flatpak uninstall --delete-data org.telegram.desktop`, kenako `flatpak uninstall --unused` kuti achotse runtime imene yatsala yopanda ntchito. Ngati laputopu yabedwa kapena yafa musanachite zimenezi, tsegulani Telegram ya pa foni, lowani mu Devices, pezani dzina la kompyutayo pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, n'kuithetsa pomwepo.